Kufufuza ndi kulemba za chilengedwe ku koleji: tiphunzirepo pa Nyanja ya Chilwa

Chaka ndi chaka ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite athu amapatsidwa asayimenti yolemba za vuto lina la chilengedwe. Mapepala ambiri amene amabwera amafanana: mitengo yatha, nyengo yasintha, boma lichitepo kanthu. Zonsezo n'zoona, koma mphunzitsi amafika patsamba lomaliza asanamve chatsopano ngakhale chimodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira amafunsa kawirikawiri akamayamba ntchitoyi. Mayankho ake ndawatsamiritsa pa malo amodzi, Nyanja ya Chilwa, chifukwa njira za kafukufuku zimamveka msanga pakakhala madzi, nsomba ndi anthu oti n'kuwaloza.

Aphunzitsi ati mutu tisankhe tokha. Kodi "kusintha kwa nyengo m'Malawi" si mutu wabwino?

Umenewo ndi mutu wa buku lalikulu, pamene inu mwapatsidwa masamba 10 kapena 15. Mukausankha mudzangokhudza apa ndi apo, chilala pang'ono, madzi osefukira pang'ono, osazama paliponse. Uchepetseni poyang'ana zinthu zitatu, malo, nthawi ndi anthu, kenaka muusandutse funso. Mwachitsanzo: kodi mabanja odalira matemba pa doko la Kachulu ankapeza bwanji chakudya nyanja itaphwa mu 2018? Kapena ili: kodi alimi a mpunga a m'mbali mwa mtsinje wa Likangala amagawana bwanji madzi m'chilimwe, ndipo amene amafika kunyanja amatsala ochuluka bwanji?

Funso lanu muliyese motere. Ngati yankho mukulidziwa kale musanatsegule buku lililonse, ndiye kuti mulibe chofufuza, mukungofuna mawu a anthu ena oti akuvomerezeni. Funso labwino ndi limene yankho lake lingathe kukudabwitsani.

Ndasankha Chilwa. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kuidziwa nyanjayo mmene ilili, mavuto ake abwere pambuyo. Chilwa ili m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo chakum'mawa yachita malire ndi Mozambique. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Namadzi imathiramo kuchokera ku Phiri la Zomba ndi zitunda zoyandikana nalo, Phalombe ndi Sombani imachokera mbali ya Mulanje, pamene Mnembo umachokera ku Mozambique. Chofunika kwambiri kuchigwira ndi ichi: palibe mtsinje wotulutsa madzi m'nyanjayi. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire, Chilwa ilibe. Kumpoto mtunda wamchenga unailekanitsa ndi Nyanja ya Chiuta. Madzi ake amachoka ngati nthunzi dzuwa likamaomba, ndipo n'chifukwa chake amamveka kamchere. Komanso ndi yosaya kwambiri, m'malo ambiri siipitirira mamita awiri kapena atatu. Ili ngati madzi a m'mbale yaphwatalala imene yaikidwa padzuwa: mukapanda kuwonjezeramo nthawi ndi nthawi, pansi pamaonekera.

Nsomba zimene anthu amadalira kumeneko ndi zitatu: matemba, mlamba ndi makumba. Madzi akamachepa mchere umachuluka, nsomba zambiri zimafa, zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Madzi akabwerera zotsalazo zimaswana mofulumira, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu usodzi umayambanso kuyenda. Nyanjayi ilinso ndi mbalame zam'madzi zochuluka, n'chifukwa chake inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kusamalidwa pamodzi ndi anthu okhalamo.

Ophunzira ena amaona ngati zimenezi n'zongotayitsa nthawi. Koma wophunzira amene sakudziwa kuti Chilwa ilibe potulukira madzi sangathe kufotokoza chilichonse cha kuphwa kwake.

Koma si zodziwikiratu kuti kusintha kwa nyengo ndi kumene kukuumitsa nyanjayi?

Apa ndi pamene mapepala ambiri amagwera, choncho tikhalepo pang'ono.

Chilwa sinayambe lero kuphwa. Zolembedwa zakale zimasonyeza kuti inaphwa kwambiri cha m'ma 1914 ndi 1915. Inaumiratu mu 1968, inaumanso mu 1995 pambuyo pa chilala cha zaka zoyambirira za m'ma 1990. Mu 2012 madzi anatsika kwambiri, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, mabwato atangokhala pamtunda kutali ndi madzi. Mvula ya 2019, kuphatikizapo ya namondwe wa Idai mu Malichi chaka chimenecho, inabwezeretsa madzi. Ndiye mukalemba kuti nyanja inauma mu 2018 chifukwa cha kusintha kwa nyengo basi, mphunzitsi wodziwa adzakufunsani kuti nanga mu 1915 chinaiumitsa n'chiyani.

Sindikunena kuti kusintha kwa nyengo kulibe mbali. Dziko likutentha, ndipo kukatentha nyanja yosaya ngati imeneyi imataya madzi ambiri. Chimene ndikunena n'chakuti mawu amenewa asakhale yankho limene mwabwera nalo m'thumba. Akhale chimodzi mwa zinthu zimene mukuziyesa. Funso la munthu wofufuza ndi lakuti: kodi nyanjayi ikuphwa pafupipafupi tsopano kusiyana ndi kale? Ngati ndi choncho, mbali ya mvula ndi yaikulu bwanji, nanga mbali ya zochita za anthu?

Zochita za anthuzo zilipo zingapo. Mitengo ikatha m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala, madzi amvula amathamanga pamwamba m'malo molowa pansi. Mitsinje imasefukira mwadzidzidzi m'dzinja n'kuphwa msanga m'chilimwe, ndipo dothi limene yakokolola limakakwirira nyanja imene ndi yosaya kale. Palinso ulimi wamthirira. Masikimu a mpunga monga a Domasi ndi Likangala, kudzanso madimba ambirimbiri a m'mbali mwa mitsinje, amapatutsa madzi asanafike kunyanja. Koma samalani. Kuloza chala mlimi wa mpunga musanaone kuti madzi amene amapatutsa ndi ochuluka bwanji poyerekeza ndi amene amauluka ndi dzuwa, n'kulakwa komweko kumene tanena pamwambapa, kungoti mwasintha woimbidwa mlandu.

Pali chinthu chinanso chimene chimasokoneza ambiri. Kuphwa kwa nyanja ndi nkhani ina, kuvutika kwa anthu chifukwa cha kuphwako ndi nkhani inanso. Kalembera wa 1966 anapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni m'Malawi monse. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Ngakhale nyanja ikanauma mofanana ndendende mu 1968 ndi mu 2018, pakamwa podalira matemba panali patachuluka, malo olima atachepa, kothawira kulibe. Pepala limene lalekanitsa bwino mafunso atatu awa, chinachitika n'chiyani, chinachititsa n'chiyani, ndipo chinapweteka ndani, lapambana kale mapepala ambiri.

Laibulale yathu ilibe mabuku ambiri. Umboni ndikaupeza kuti?

Chilwa ndi imodzi mwa nyanja zimene zafufuzidwa kwambiri kuno kwathu. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anayamba kuifufuza mwadongosolo mu 1966, moti kuuma kwa 1968 kunawapeza ali pantchito, ndipo anaona ndi maso mmene nyanjayo inaferera ndi mmene inatsitsimukira. Zimene anapeza zinatuluka mu 1979 m'buku lotchedwa Lake Chilwa: Studies of Change in a Tropical Ecosystem, limene analikonza Margaret Kalk, A.J. McLachlan ndi C. Howard-Williams. Ndi lakale, koma musalinyoze. Popanda kudziwa mmene zinthu zinalili kale simungaonetse kuti zasintha. Kuyambira 2010 kunalinso pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kuthana ndi zovuta za nyengo, imene inkayendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College mogwirizana ndi bungwe la WorldFish ndi nthambi yofufuza zankhalango, ndipo inasiya malipoti ambiri.

Mabuku si umboni wokhawo. Ziwerengero za mvula zili ku nthambi yoona zanyengo. Za kuchuluka kwa nsomba zogwidwa zili ku nthambi ya zausodzi, ndipo alangizi ake a m'maboma amadziwa zambiri zimene sizinalembedwe. Ofesi ya kalembera, National Statistical Office, ili ku Zomba, ndipo nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, National Archives, ili komweko. Maofesi amenewa muwalembere kalata yaulemu, yofotokoza bwino chimene mukufuna ndi zaka zake, ndipo muphatikizepo kalata ya ku koleji. Dziwaninso kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho kupempha ziwerengero si kupempha chifundo.

Pa intaneti pali chuma chimene ophunzira ambiri sachigwiritsa ntchito: zithunzi za setilaiti. Ma setilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zake n'zaulere. Pa Google Earth mungathe kubwerera m'mbuyo chaka ndi chaka n'kuona nyanja ikukula ndi kuchepa. Muziyerekeza zithunzi za mwezi umodzimodzi. Chithunzi cha Epulo, mvula itangotha, mukachiika pambali pa cha Novembala wa chaka china, mudzaonetsa kusintha kumene kuli kwa dzinja ndi chilimwe chabe.

Malipoti awiri akupereka manambala osiyana pa chinthu chimodzi. Ndikhulupirire liti?

Musasankhe limene likugwirizana ndi maganizo anu n'kubisa linalo. Funsani kuti aliyense anayeza chiyani, liti, ndipo anayeza bwanji. Kukula kwa Chilwa ndi chitsanzo chabwino. Wina amayeza madzi oyera okha, wina amaphatikiza madambo a njedza ozungulira, winanso amawonjezera zigwa zimene zimamira m'dzinja. Malo amene analembedwa pa mgwirizano wa Ramsar ndi mahekitala 224,800, koma amenewo si madzi okhaokha. Onse atatu akhoza kukhala olondola.

Ziwerengero za nsomba nazo muzizigwira mosamala. Palibe amene amaika pasikelo temba lililonse. Alangizi amayeza pa madoko ena m'masiku ena, n'kuwerengera zotsalazo. Ndiye dzifunseni ngati nsomba zogulitsidwa pamadzi pomwepo, kapena zokocheza tsidya la Mozambique, zinalowa m'kaundula. Mukafotokoza m'pepala lanu chifukwa chimene manambala akusiyanira, mphunzitsi amaona kuti mwawamvetsa.

Kodi n'kofunikadi kupita kunyanjako? Ndalama ya ulendo ndilibe.

Ngati funso lanu likukhudza moyo wa anthu, n'kofunika. Ngati simungakwanitse, sinthani funso likhale loyankhika ndi ziwerengero ndi zithunzi, kapena sankhani vuto la pafupi ndi inu. Wophunzira wa ku Blantyre ali ndi mtsinje wa Mudi, wa ku Lilongwe ali ndi Lingadzi, wa ku Mzuzu ali ndi Lunyangwa. Makala ali pamsika uliwonse. Majumbo opyapyala, amene boma linaletsa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, mungathe kuwawerenga m'ngalande ya kuseri kwa hosteli yanu. Chimene sichiloledwa ndi kulemba ngati munapita pamene simunapite.

Ndikafika kumeneko ndikachite chiyani?

Musanachoke, funsani aphunzitsi ngati kafukufuku wanu akufunika chilolezo cha komiti ya pa koleji yoona kuti anthu ofunsidwa asapwetekedwe. Mukafika musangotulukira pa doko ndi kope m'manja. Yambani mwaonekera kwa amfumu, kenaka kwa komiti ya pa doko imene imayendetsa zausodzi pamodzi ndi boma. Nenani kuti ndinu wophunzira ndipo simunabweretse chithandizo. Anthu a m'mbali mwa Chilwa alandira alendo ambiri a mabungwe, ndipo akaganiza kuti mukulemba maina a olandira thandizo, mayankho onse adzapendekera kumeneko.

Kafunsidwe ndiye mwini nkhani. Mukafunsa kuti, "Kodi kusintha kwa nyengo kwakukhudzani bwanji?" mudzalandira mawu amene anthuwo anawamva pamsonkhano. Funsani zinthu zogwirika. "Bambo, chaka chimene nyanja inaphwa munali kuti? Khoka lanu linapita kuti?" "Mayi, matemba atasowa munkagulitsa chiyani? Ana ankadya kangati patsiku?" Mafunso otere amatulutsa nkhani za amuna amene anapita kukasodza ku Malombe kapena ku Chiuta, za amene anayamba kuotcha makala, za amene analima mpunga ndi chimanga pansi pa nyanja pomwepo. Pomwepa mudzaona mmene vuto limodzi limaberekera lina: msodzi wosowa nsomba akakwera phiri kukadula mtengo, dothi la paphiripo limatsikira m'nyanja yomweyo.

Musamalankhule ndi eni mabwato okha, ngakhale ndiwo amayamba kubwera kutsogolo. Amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba, anyamata okoka khoka amene alibe chida chawochawo, osaka mbalame, anthu a pachilumba cha Chisi, asodzi okhala miyezi pamadzi m'zimbowera, aliyense nyanjayi amaidziwa mwa njira yake. Ena amamasuka kwambiri m'Chilomwe kapena m'Chiyao, ndiye pezani wokumasulirani amene anthuwo amamukhulupirira. Pemphani chilolezo musanajambule mawu kapena chithunzi. Ndipo munthu akakuululirani kuti amasodza ndi neti yotetezera udzudzu, kapena kuti amaponya khoka nthawi imene nyanja yatsekedwa, dzina lake lisapezeke paliponse m'pepala lanu. Iye wakukhulupirirani, digiri yanu isamugwetse m'mavuto.

Nanga zimene anthu anena zikasemphana ndi za m'mabuku?

Kondwani, chifukwa kafukufuku weniweni wayamba. Agogo akhoza kusokoneza chaka, koma kawirikawiri sasokoneza zimene zinachitika. Athandizeni ndi zizindikiro: kodi zinali chisankho cha 1994 chisanachitike kapena chitachitika? Mwana wanu woyamba anali atabadwa? Mukapeza chakacho, chiyerekezeni ndi ziwerengero za mvula ndi zithunzi za setilaiti. Zitatuzi zikagwirizana, mfundo yanu yalimba. Zikasemphana, lembani kusemphanako ndi maganizo anu pa chifukwa chake.

Ena adzakuuzani kuti nyanja inaphwa chifukwa miyambo inasiyidwa ndipo mizimu inakwiya. Musaseke, komanso musazilembe ngati zotsatira za sayansi. Lembani kuti izi ndi zimene anthu amakhulupirira, kenaka funsani kuti miyamboyo inkaletsa chiyani. Nthawi zina mudzapeza kuti inkateteza nkhalango ina kapena malo oswanirana nsomba, ndipo kutha kwake kuli ndi zotsatira zimene mungathe kuziona.

Pepalalo ndilisanje bwanji?

Tsatirani dongosolo limene aphunzitsi apereka. Chimene ndingawonjezere n'chakuti ndime yoyamba inene funso lanu ndi yankho limene mwapeza, wowerenga asachite kulifunafuna. Fotokozani mmene munapezera umboni moti wina akhoza kubwereza: munafunsa anthu angati, a mtundu wanji, mwezi uti. Ikani mapu. Ndipo mawu anu alingane ndi kulemera kwa umboni. "Ziwerengero zikusonyeza kuti" ndi mawu a pamene muli ndi ziwerengero. "Zikuoneka kuti" ndi a pamene umboni ulipo koma ndi wochepa. Ngati munacheza ndi anthu 20 pa doko limodzi, musalembe kuti "asodzi a ku Chilwa akuti", lembani za anthu 20 a pa doko limenelo.

Kodi kutenga ndime pa intaneti n'kusinthamo mawu angapo ndi kubera?

Inde, ndi kubera, ngakhale ndimeyo mutaimasulira kuchoka m'chinenero china. Mfundo iliyonse imene si yanu, ndi nambala iliyonse, ikhale ndi mwini wake wotchulidwa. Njira yosavuta ndi kulemba dzina la wolemba, chaka ndi tsamba nthawi yomweyo pamene mukuwerenga, chifukwa usiku womaliza simudzakumbukira. Mapulogalamu a pakompyuta amene amalembera anthu nkhani nawo amatha kupeka maina a mabuku ndi manambala amene kulibe. Buku limene simunalione ndi maso anu musalitchule.

Kodi ndili ndi ufulu wonena maganizo anga pa zoyenera kuchita?

Muli nawo, ndipo pepala lopanda chigamulo cha mwini wake limakhala lozizira. Koma "boma lichitepo kanthu" ndi "anthu aphunzitsidwe" si malangizo. Nenani amene achite, chimene achite, ndi amene adzalipire mtengo wake. Mukati nyengo yotseka nyanja italikitsidwe, nenaninso chimene mnyamata wokoka khoka adzadye miyezi imeneyo. Mukati alimi asiye kulima m'mphepete mwa Likangala, nenani kumene akalime. Pa Chilwa pali chitsanzo choti mungaphunzirepo: nyanja itauma mu 1995, mafumu, asodzi ndi a zausodzi anagwirizana kuteteza maiwe a m'mitsinje mmene nsomba zinathawira kuti anthu asathiremo katupe, ndipo kuyendetsa usodzi mogwirizana pakati pa boma ndi anthu kunakula kuchokera pamenepo. Malangizo otere amatchula malo, nthawi ndi anthu, ndipo munthu angathe kuwayesa ngati anagwira ntchito.

Pepala likachongedwa musalitsekere m'sutikesi. Lembani tsamba limodzi m'Chichewa chomveka, lofotokoza zimene munapeza, mukalipereke kwa amfumu ndi kwa komiti ya pa doko imene inakulandirani. Anthu amenewo anasiya ntchito zawo kuti akuyankheni, ndipo ali ndi ufulu womva zimene munalemba za iwo.